Mafunso ndi mayankho: kukonza mapaipi a gasi a pulasitiki akawonongeka

Ku Malawi gasi wophikira amabwera m'masilinda, koma ku Britain, ku America ndi m'madera ena a mzinda wa Johannesburg, gasi amayenda pansi pa nthaka m'mapaipi mpaka kufika m'nyumba, monga momwe madzi amafikira pampopi. Mayankho otsatirawa alembedwa makamaka poganizira anthu amene amagwira ntchito zokumba, zomanga ndi zosamalira minda ya maluwa m'mayiko amenewo, popeza iwo ndi amene amakonda kukumana ndi paipi yachikasu asakuyembekezera. Zambiri zatengedwa pa kachitidwe ka ku Britain, ndipo pamene lamulo lili la ku America zanenedwa.

Kodi mapaipi amenewa ndi a pulasitiki wamtundu wanji?

Ambiri ndi a pulasitiki wotchedwa polyethylene, amene amisiri amangomutchula kuti PE. Pali magulu awiri odziwika: PE80, amene ku Britain amakhala wachikasu yense ndipo ndi wofewerapo, ndi PE100, amene ndi wolimba kwambiri ndipo amatha kukhala wamtundu wa lalanje kapena wakuda wokhala ndi mizere yachikasu. Pakhoma la paipi pamakhala zilembo zosonyeza kukula kwake, gulu la pulasitiki ndi nambala yotchedwa SDR, imene imapezeka pogawa kukula kwa paipi m'mimba mwake ndi kuchindikala kwa khoma lake. Mwachitsanzo, paipi ya mamilimita 63 yolembedwa SDR 11 ili ndi khoma lochindikala mamilimita 5.8. Nambala imeneyi tiibwereranso, chifukwa chigamulo chodula paipi kapena kuisiya chimachokera pomwepo.

Ku Britain mapaipi otere anachuluka kwambiri kuyambira mu 2002, pamene bungwe loona za chitetezo pantchito la HSE linakhazikitsa ndondomeko yazaka 30 yochotsa mapaipi akale achitsulo amene ali pamtunda wosapitirira mamita 30 kuchokera ku nyumba. Nthawi zambiri paipi yatsopanoyo imalowetsedwa m'kati mwa yachitsulo yakale, choncho munthu akaona paipi yadzimbiri m'ngalande asafulumire kunena kuti ndi yakufa.

Popeza pulasitiki sachita dzimbiri, chimamuwononga ndi chiyani?

Choyamba ndi munthu. Mano a makina okumbira, piki, fosholo, chitsulo chokhomera mpanda ndi makina obowola pansi pa msewu ndi zimene zimaboola mapaipi ambiri. Chachiwiri ndi mwala wakuthwa umene unasiyidwa utatsamira paipi pokwirira: sulasa tsiku lomwelo, koma umakanikiza malo amodzi kwa zaka mpaka mng'alu waung'ono utayamba ndi kumakula pang'onopang'ono. Chachitatu ndi kutentha, popeza pulasitikiyu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 130 ndipo amayamba kufooka kutali asanafike pamenepo, kotero chingwe cha magetsi chimene chapsa pansi pa nthaka kapena paipi ya nthunzi imene yadutsa pafupi zingathe kumuwononga. Chachinayi, chimene amisiri sakonda kuchivomereza, ndi mfundo zolumikizidwa mwamphwayi pa tsiku loyala paipiyo.

Ndaboola paipi ya gasi pokumba. Ndichite chiyani?

Siyani chilichonse ndipo muchoke m'dzenjemo. Uzani anzanu ndi anthu odutsa kuti atalikire, makamaka aime kumene mphepo ikuchokera, ndipo pasapezeke wosuta fodya, woyatsa galimoto, wokhudza switchi ya magetsi kapena woimba foni pafupi ndi malowo. Mukafika patali ndi pamene muimbe: ku Britain nambala ya ngozi za gasi ndi 0800 111 999, ku America ndi 911 kenako kampani ya gasi ya deralo. Dzenjelo mulisiye lotsegula. Anthu ambiri akachita mantha amathamangira kukwirira ndi dothi poganiza kuti akuchepetsa ngozi, koma akuiwonjezera, chifukwa gasi wachilengedwe ndi wopepuka kuposa mpweya ndipo akapeza njira amakwera kumwamba n'kumwazika, pamene akatsekeredwa amayenda cham'mbali, kutsata ngalande zakale, mapaipi a zimbudzi ndi njira za zingwe, mpaka kukalowa m'nyumba ya munthu amene sakudziwa n'komwe kuti pamsewu pachitika kanthu.

Gasiyu amayaka akasakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa pakati pa magawo 5 ndi 15 pa 100 alionse. Zimenezi zikutanthauza kuti malo oopsa kwambiri si pabowo penipeni ayi, koma chapatali pang'ono, pamene wasakanikirana bwino ndi mpweya, ndipo pamenepo ndi pamene anthu oonerera amakonda kuima. Gasi akayaka, musayese kuzimitsa lawilo pamene paipi ikadali yotsegula, popeza lawi likazima gasi amapitiriza kutuluka osaoneka, ndipo akayakanso amayaka mophulika.

Musadalire mphuno yokha. Gasi wachilengedwe alibe fungo mwa iye yekha. Fungo lija la mazira oola amachita kuthiramo dala, ndipo mwambo umenewu unalimba pambuyo pa ngozi ya mu 1937 ku New London, m'chigawo cha Texas, pamene sukulu inaphulika n'kupha anthu pafupifupi 300, ambiri a iwo ana. Koma gasi akadutsa m'dothi, dothilo limatha kusefa fungo lija, mwakuti amafika m'chipinda ali wosanunkha kwenikweni.

Bwanji osangopinda paipiyo kapena kuimanga ndi mphira podikira eni ake?

Funsoli ndi lomveka kwa aliyense amene anakulira kumene paipi ya madzi ikaphulika amadula chubu cha njinga n'kukulunga mpaka kudontha kutatha. Pa gasi nzeru imeneyi ndi yakupha. Kuti mupinde kapena kumanga paipiyo muyenera kulowa m'dzenje lodzaza gasi, mmene mpweya wopuma ndi wochepa, ndi kugwira pulasitiki amene angathe kuthetheka, monga tifotokozere m'munsimu. Ndiponso bowo limene mukuliona lingakhale losakhala lokhalo. Dzino la makina likakola paipi limaikoka, ndipo mphamvu ya kukokako imatha kuizula pamfundo ina imene ili mamita angapo kutali, mwina pakhoma la nyumba penipeni. Mukatseka apa, gasi yense amakatulukira uko. N'chifukwa chake ogwira ntchito pakampani ya gasi akafika amayamba ndi kuyeza m'nyumba zoyandikana asanayang'ane n'komwe paipi yobookayo.

Ndangoikanda chabe, gasi sakutuluka. Kodi ndingakwirire n'kupitiriza ntchito?

Ayi, ndipo pa mafunso onse a patsamba lino ili ndi limene wolemba akufuna kuti likhale m'mutu mwa wowerenga. Lamulo limene makampani a gasi amatsata ndi lakuti chilonda chikalowa kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a kuchindikala kwa khoma, chigawo chimenecho cha paipi chiyenera kudulidwa. Pa paipi ija ya mamilimita 63 malire ake ndi mamilimita 0.6 osakwana bwino, ndipo pa kapaipi kolowera kunyumba ka mamilimita 32, kamene khoma lake ndi la mamilimita atatu okha, malire ndi mamilimita 0.3. Kuya kotereku munthu sangakuyeze ndi maso kapena ndi chikhadabo ali m'matope. Pali kachipangizo kake koyezera.

Vuto la chilonda pa polyethylene ndi lakuti sichikhala momwe chinalili. Pansi pa mkanda wakuthwa mphamvu ya gasi imakoka pulasitiki usiku ndi usana, ndipo mng'alu umayenda kulowa m'kati mwa khoma pang'onopang'ono. Paipi imene inapangidwa kuti ikhale zaka 50 kapena kuposerapo ingathe kutsegula patapita zaka zochepa, dzenje litakwiriridwa kalekale, phula litathiridwa, ndipo wokumba uja atasamukira kutauni ina. Wantchito amabisa mkanda poopa kapitawo, kapitawo amabisa poopa bilu, koma kudula ndi kulumikiza kachigawo ka paipi yosatuluka gasi ndi ntchito yaifupi poyerekeza ndi kufunafuna gasi amene wafalikira pansi pa msewu wonse.

Kodi amisiri amatseka bwanji gasi ngati palibe valavu pafupi?

Apa ndi pamene pulasitiki amaposa chitsulo. Paipi ya polyethylene ingathe kupanidwa pakati pa zitsulo ziwiri zobulungira mpaka makoma ake atakumana n'kutseka njira, ndipo ikamasulidwa imabwerera. Amisiri amatchula njirayi kuti squeeze-off. Kuiona ikuchitika imaoneka yophweka, koma ili ndi malamulo ake okhwima. Chopaniracho chimakhala ndi zoimitsira zogwirizana ndi kukula kwa paipi kuti makoma asaphwanyidwe mopitirira muyezo. Popanapo payenera kutalikirana ndi mfundo iliyonse mtunda wosachepera kukula kwa paipiyo katatu. Kupana kumachitika pang'onopang'ono, ndipo kumasula kumachitika pang'onopang'ono kuposa apo, chifukwa pulasitiki akamasulidwa mwadzidzidzi amang'ambika m'kati, m'makona awiri amene anapindika kwambiri, mmene diso silingaone. Nyengo yozizira imafuna kudekha koposa. Ntchito ikatha, malowo amawabwezera kuti akhale obulungira ndi kuwakulunga tepi yosonyeza kuti anapanidwapo, popeza malo amodzi sapanidwa kawiri.

Kupana sikuchitikira m'dzenje limene gasi akutuluka. Amakumba maenje ena chapatali, mbali imodzi kapena zonse ziwiri ngati gasi amabwera kuchokera konsekonse. Pa mapaipi akuluakulu amagwiritsa ntchito zopanira ziwiri zotsatizana ndi kutulutsa gasi wotsala pakati pake, kapena amabowola paipi n'kulowetsamo matumba ofufumitsa amene amatseka njira. Ngati msewu wonse sungakhale wopanda gasi, amayala kapaipi kodutsa pambali kuti nyumba zizilandirabe pamene iwo akukonza.

Pulasitiki sadutsa magetsi. Nanga moto wothetheka uchokera kuti?

Uchokera pa chifukwa chomwecho. Aliyense amene anavulapo juzi ya nayiloni mumdima m'nyengo yachisanu anamvapo kuthetheka ndi kuona timoto. Gasi wothamanga, makamaka akanyamula fumbi, amakhula khoma la paipi n'kusiya mphamvu yamagetsi yotereyi, ndipo popeza pulasitiki saipititsa m'nthaka, imadziunjika kunja ndi m'kati mwa paipi kudikira chitsulo kapena dzanja. Pabowo ndi popanidwa ndi pamene gasi amathamanga kwambiri, choncho ndi pamenenso mphamvuyi imachuluka. Amisiri amanyowetsa paipi ndi madzi a sopo, kuikulunga ndi nsalu yonyowa yofika mpaka padothi lonyowa, ndi kulumikiza chodulira ndi chopanira ku chitsulo chokhomedwa pansi. Nsaluyo ikauma ntchito yake yatha, choncho pamakhala munthu woinyowetsa.

Kodi guluu wa mapaipi a madzi sangagwire?

Sangagwire. Guluu uja amagwira pa PVC, pulasitiki wina wa mapaipi a madzi, chifukwa amasungunula khungu lake, koma polyethylene samva mankhwala amenewo, ndipo chilichonse chopakidwa pamwamba pake chimasupuka.

Nanga chigawo chatsopano chimalumikizidwa bwanji?

Njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pokonza ndi yowotcherera ndi magetsi, yotchedwa electrofusion. Mmisiri amadula chigawo chowonongeka ndi chodulira chosiya mapeto owongoka, amayeza mpata umene watsala, n'kudula paipi yatsopano yolingana nawo. Kumapeto kulikonse kumalowa soketi ya pulasitiki imene m'kati mwake mwazungulira waya wopyapyala. Makina akatumiza magetsi a mphamvu ya mavolti pafupifupi 40, wayayo amatentha, pulasitiki wa soketi ndi wa paipi amasungunuka n'kusakanikirana, ndipo akazizira amakhala chinthu chimodzi. Nthawi yowotcha simachokera m'mutu mwa mmisiri: pasoketi pamakhala barcode imene makina amawerenga, ndipo makina ambiri amasintha nthawiyo malinga ndi kuzizira kwa tsikulo ndi kusunga mbiri ya mfundo iliyonse.

Chimene chimasiyanitsa mfundo yabwino ndi yoipa chimachitika makina asanayatsidwe. Khungu la paipi limene lakhala padzuwa ndi pamphepo silimatirira, choncho liyenera kupalidwa, pafupifupi mamilimita 0.2, kuzungulira paipi yonse. Mmisiri wosamala amayamba walembalemba mizere pakhungulo ndi cholembera, kenako amazungulitsa chopalira, ndipo timizere ta pulasitiki timagwa topotanapotana ngati makoko a mbatata yosendedwa bwino. Pakatsala kachizindikiro ka cholembera, ndiye kuti pamenepo sipanapalidwe. Sandipepala saloledwa, chifukwa amangosuntha khungu loipalo ndi kusiyapo mchenga. Pamalo popalidwa sipagwiridwanso ndi dzanja, popeza thukuta ndi mafuta a m'manja n'zokwanira kuwononga mfundo, ndipo soketi imatuluka m'thumba lake pa mphindi yomaliza. M'ngalande ya ku Britain, mmene mvula imawaza kawirikawiri, zimenezi zimafuna kupopa madzi, kuyala pansi ndi kudzika katenti. Dontho limodzi la madzi likatsekeredwa m'soketi limasanduka nthunzi n'kusiya mphako m'pulasitiki.

Pomaliza paipi ndi soketi zimagwidwa ndi zomangira kuti zikhale mowongoka, ndipo zomangirazo sizichotsedwa mpaka nthawi yozizira yolembedwa pasoketi itakwana. Apa ndi pamene changu chimaononga ntchito zambiri, makamaka usiku anthu akufuna kuweruka. Timitu tiwiri timene timatumphuka pasoketi timangosonyeza kuti pulasitiki anasungunuka. Sitinena kuti paipi inapalidwa bwino. Mfundo ikalephera pakati, monga jenereta ikazima, kachitidwe ka makampani ambiri ndi kuidula ndi kuyambiranso ndi soketi yatsopano.

Palinso njira yolumikiza mapeto ndi mapeto, pomwe mapaipi awiri amasetedwa, kukanikizidwa pa mbale yotentha madigiri opitirira pang'ono 200, kenako kugundanitsidwa mpaka mkombero wa pulasitiki utatuluka kuzungulira. Njirayi ndi yabwino poyala mapaipi atsopano, koma pokonza imavuta, popeza imafuna kuti mbali imodzi isunthe, pamene paipi yokwiriridwa sisuntha. Njira yachitatu ndi zolumikizira zomanga ndi mabawuti kapena zokanikiza, zimene zimafuna kachitsulo kolimbitsa m'kati mwa paipi kuti isafwaphe ndi kuzuka. Zimenezi zimathandiza pamene malo sangaume, pamene paipi yamwa mafuta a m'nthaka mwakuti ikusonyeza thovu ikatenthedwa, kapena polumikiza pulasitiki ndi chitsulo.

Chinthu chimodzi chimene ongoyamba kumene amaiwala ndi chakuti polyethylene amatalika ndi kufupika ndi kutentha kuposa chitsulo pafupifupi kakhumi. Paipi yodulidwa itakhala padzuwa ikalowa m'nthaka yozizira imafupika n'kukoka mfundo zake, choncho imasiyidwa kaye m'ngalande kuti ifanane ndi kuzizira kwa pansi.

Kodi palibe chigamba chimene chingaikidwe popanda kudula?

Zilipo zigamba zowotcherera ndi magetsi zimene zimakhala pamwamba pa paipi ngati chishalo, ndipo makampani ena amaziloleza pa kabowo kakang'ono kapena mkanda wa malo amodzi, gasi atatsekedwa ndipo malowo atauma. Zomangira zachitsulo zokhala ndi labala m'kati zimatengedwa ngati zongogwirizira podikira kukonza kwenikweni, chifukwa pulasitiki amanyonyomala pang'onopang'ono pansi pa chomangira mpaka chitakhwepa. Mng'alu wotsata utali wa paipi suikidwa chigamba, popeza palibe amene angatsimikize pamene wathera.

Amadziwa bwanji kuti ntchito yagwira asanakwirire?

Chigawo chatsopano chimayesedwa ndi mpweya kapena nayitirojeni pa mphamvu yoposa imene chidzanyamule. Ku America lamulo limafuna kuti mphamvu yoyesera ikhale yosachepera kamodzi ndi theka ya mphamvu yogwirira ntchito. Mfundo zomaliza, zimene sizingayesedwe padera, zimapakidwa thovu gasi atatsegulidwa, kenako thovulo limatsukidwa. Mpweya wotsala m'paipi umatulutsidwa kudzera m'chitsulo choimika chotalika kuposa mutu wa munthu, mpaka chipangizo choyezera chitasonyeza kuti mwatsala gasi yekha. Pokwirira amayamba ndi mchenga kapena dothi losefa kuzungulira paipi, amalumikizanso waya wofufuzira (wothandiza kupeza pamene paipi yadutsa) ngati analipo, n'kuyala tepi yachikasu yochenjeza chapamwamba. Nyumba zimene zinatsekeredwa gasi zimayenderedwa imodziimodzi kuti zipangizo ziyesedwe ndi kuyatsidwanso, ndipo ndi chifukwa chake mwininyumba sayenera kudzitsegulira yekha pamita.

Kodi mapaipi onse a pulasitiki amakonzedwa mofanana?

Ayi. Mapaipi ena oyambirira, makamaka a mtundu wa Aldyl A umene kampani ya DuPont inkapanga, anapezeka kuti amang'aluka mouma ngati mbale yadothi akakalamba, ndipo bungwe lofufuza ngozi la NTSB ku America linachenjeza za mapulasitiki akale otere mu lipoti lake la mu 1998. Pa 24 Malichi 2023 fakitale ya chokoleti ya R.M. Palmer ku West Reading, m'chigawo cha Pennsylvania, inaphulika n'kupha anthu 7, ndipo ofufuza anapeza kuti gasi anatulukira pa cholumikizira chakale cha Aldyl A chimene chinali chitasiya kugwiritsidwa ntchito koma chikadali pa paipi yamoyo, pafupi ndi paipi ya nthunzi yowonongeka imene inkatenthetsa nthaka. Paipi yamtundu wotere kuipana kungayambitse mng'alu watsopano, choncho mmisiri amayamba wawerenga zolembedwa pakhoma lake, ndipo nthawi zambiri chigamulo chimakhala chosintha mzere wonse m'malo mokonza malo amodzi. Ku Netherlands kuli mapaipi ambiri a gasi a PVC, amene ali ndi njira zawozawo zolumikizira.

Ndinaphunzira kuwotcherera mapaipi akuda a madzi. Kodi ndingakonze ya gasi?

Luso la manja ndi lofanana ndithu, ndipo amene anagwirapo mapaipi a HDPE, amenenso ndi a polyethylene, pa ntchito za madzi ku Malawi kapena ku Zambia sadzaona chachilendo pa makinawo. Koma chilolezo ndi china. Ku Britain paipi yonse kuchokera mumsewu mpaka pa valavu ya pamita ndi ya kampani yoyendetsa mapaipi m'deralo, monga Cadent, SGN, Northern Gas Networks kapena Wales & West Utilities, ngakhale itadutsa m'munda mwanu, ndipo oikhudza ndi antchito awo kapena makontirakitala ovomerezedwa okha. Kuchokera pamita kulowa m'nyumba ndi ntchito ya mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ovomerezeka a gasi. Mtengo wokonzera kawirikawiri umapita kwa amene anawononga, ndipo kwa wantchito wolembedwa ndiye kuti umapita kwa kampani yake ndi inshuwalansi yake.

Ndingadziwe bwanji pamene paipi yadutsa ndisanakumbe?

Funsani mapu kwa eni mapaipi. Ku America mumaimba 811 ndipo amabwera kudzaika zizindikiro zachikasu. Koma mapu amasonyeza mbali chabe, ndipo chipangizo wamba chofufuzira zingwe sichimva pulasitiki pokhapokha ngati pali waya wofufuzira woyalidwa naye limodzi. Yang'anani pamene pali mita ndi zivundikiro za mavalavu, kenako kumbani maenje oyesera ndi fosholo, mopingasa njira imene mukuganizira, osati ndi piki kapena foloko. Malangizo a HSE amati makina okumbira asafike pamtunda wochepera theka la mita kuchokera pa paipi ya gasi. Musadalire kuya kolembedwa m'mabuku, monga mamilimita 750 pansi pa msewu kapena 375 m'bwalo la nyumba, popeza nthaka imasalazidwa ndi kuchotsedwa pakapita zaka, ndipo kapaipi kolowera kunyumba kangapezeke pansi penipeni pa kapinga.

Otsegula mapaipi a zimbudzi nawonso ali ndi chowayenera kudziwa. Pamene paipi ya gasi inayalidwa ndi makina obowola pansi osakumba ngalande, nthawi zina inapyoza paipi ya chimbudzi popanda wodziwa, n'kukhala chopingasa m'katimo kwa zaka mpaka zinyalala zitakodwapo. Wobwera ndi makina odula mizu amaidula poganiza kuti ndi muzu wa mtengo, ndipo gasi amalowa m'nyumba kudzera m'chimbudzi. Ngati chotsekacho chili kunja kwa nyumba ndipo m'deralo munayalidwa mapaipi a gasi mwa njira imeneyo, kamera iyambe kulowa chodulira chisanalowe.